Thambo Linkalankhula ndi Mudzi Wonse

Ambiri a ife amene tinabadwa nkhondo ya Hitler ili mkati sitidziwa tsiku lenileni limene tinabadwa. Mayi anga ankangonena kuti ndinabadwa anthu akudula mapira, atsibweni atangopita kumene ku usilikali wa KAR. Tsiku limene lili pa ziphaso zanga analemba ndi Bambo wa ku mishoni pondibatiza, atandiyang'ana msinkhu n'kuyerekeza. Masiku ano aliyense wofuna kukuuza za nyenyezi yako amayamba wafunsa tsiku, mwezi, ena mpaka ola limene unalira koyamba. Ife zonsezo tinalibe, komatu thambo tinkaliyang'ana kuposa mwana aliyense wa lero, ndipo linkatiuza zambiri. Kungoti zimene linkatiuzazo sizinali za munthu mmodzi payekha.

Kwathu ndi cha ku Lirangwe, kumpoto kwa Blantyre. Masiku amenewo usiku unkakhala usiku ndithu. Koloboyi ankayatsidwa kanthawi kochepa poyala mphasa, palafini n'kusungira mawa. Tikatha kudya tinkakhala pabwalo, ndipo mphunzitsi wathu wa zakumwamba anali agogo anga aakazi, Amang'anja osapondako m'kalasi. Ndiwo anandilozera Mlalang'amba, njira yotuwa ija imene imadula thambo pakati m'miyezi yachisanu. Ndiwo anandionetsa Akamwiniatsatana, nyenyezi zitatu zoyenda mondondozana, ndi Nthanda, imene inkadzutsa apaulendo ndi amayi ofuna kusinja dzuwa lisanatenthe. Koma zimene ankazisamala kwambiri zinali Nsangwe, kagulu kothithikana kamene wamaso akuthwa amawerengamo nyenyezi zisanu ndi imodzi kapena zisanu ndi ziwiri.

Nsangwe zimasowa kwa kanthawi cha mu Meyi, kuwala kwa dzuwa kukaziphimba. Zikaonekeranso kum'mawa m'bandakucha, cha mu Juni, agogo ankati chisanu chakhazikika: zokolola zilowe m'nkhokwe, anthu amwete udzu, anamwali alangidwe, amene ali ndi akufa oti awakumbukire afulule mowa. Zikayamba kutuluka kum'mawa dzuwa litangolowa, cha mu Novembala, nthabwala zinkatha. Munthu amene anali asanamalize kusosa ankachita manyazi kudutsa pakhomo pathu. Chimanga cha mbewu chinkatsitsidwa kudenga kumene chinkafukira utsi, makasu n'kukhomeredwa m'mipini. Ndipo agogo sankadalira Nsangwe zokha. Ankayang'ananso masamba ofiira a mitengo ya m'thengo imene imaphuka mvula isanagwe, kubwera kwa anamzeze, kutentha kwa usiku, ndi kumene mphepo ikuchokera. Chizimalupsa chikagwa achinyamata ankathamangira kubzala, iwo n'kuwaletsa: imeneyo ndi yongozimitsa lupsa, dikirani.

Za mwezi anali ndi nthano imene mpaka lero ndimaikonda. Mwezi ndi mwamuna wamitala. Mkazi wake mmodzi ndi Puikani, nyenyezi yowala ya kumadzulo. Winayo ndi Chekechani, ya kum'mawa. Puikani ndi wopatsa, amamuphikira mwamuna wake mokwanira, n'chifukwa chake mwezi ukakhala kumadzulo uli wopyapyala umanka nunenepa usiku ndi usiku mpaka kukhala wathunthu. Ukasamukira kwa Chekechani, mkazi woumira, umayamba kuwonda, kuwonda, mpaka kufa. Ana tinkaseka, koma taonani mmene nthanoyi inagwirira zoona. Mwezi wongokhala kumene umaonekadi kumene dzuwa lalowera, ndipo wotsala pang'ono kufa umaoneka kum'mawa kusanache. Amene anapeka nthanoyi anali atayang'ana kumwamba zaka zambiri. Mwezi womwewo ndi umene amayi ankawerengera pakati, amfumu ankapanira tsiku la mlandu, ndipo ife ana tinkaudikira kuti tisewere chibisalirano mpaka akuluakulu atatikalipira.

Sindinamvepo agogo akunena kuti uje ndi waukali chifukwa anabadwa Nsangwe zili pakutipakuti. Waukali ankati watengera atate ake, kapena anamulera momulekerera. Thambo linali la tonse mofanana, mfumu ndi mkamwini yemwe, ndipo uthenga wake unali wamtundu umodzi: nthawi yakwana, chitani chakuti.

Kaganizidwe kameneka kanayesedwa mu 1949, ine ndili kamnyamata kolondola mbuzi. Kumapeto kwa 1948 Nsangwe zinatuluka pa nthawi yake. Mvula inagwa, anthu anabzala, chimanga chinamera. Kenako kumwamba kunangoti mbee, sabata ndi sabata. Chimanga chinapota masamba, chinafota, chinauma chili chiimire. Njala ya chaka chimenecho inapweteka kwambiri kuno kummwera, makamaka m'midzi ya m'boma la Blantyre. Anthu ankadya gaga ndi mizu yakutchire. Abambo ankapita kukasuma ku Mwanza, ku Neno, ena mpaka kwa Apwitikizi, ndipo alipo amene anapita osabweranso, kusiya akazi ndi ana. Boma linatsegula malo ogawira chakudya, koma okalamba ena a m'mudzi mwathu analibe mphamvu zofikirako.

Pa mavuto onsewo sindinamve munthu akutukwana nyenyezi. Nditafunsa agogo ngati Nsangwe zatinamiza, anandiyankha monditchula mwamuna wawo, monga ankachitira nthawi zonse: “Amuna anga, Nsangwe sizisunga madzi. Mvula ndi ya Mphambe. Izo zimangoti konzekani, ndipo tinakonzeka.” Funso limene linkazungulira m'mudzi linali lina: talakwa chiyani, talakwira yani?

Amfumu anaitanitsa nsembe. Banja lililonse linapereka kambewu kochepa, ngakhale kodzaza dzanja limodzi, pa nthawi imene dzanja limodzilo linali phala la mwana. Okwatira anauzidwa kuti adike, asayandikane mpaka mwambo utatha. Chimene ndinadzachimvetsa ndili wamkulu ndi ichi: nsembe isanathiridwe, amene anali pa chidani anayenera kuyamba ayanjana. Atsibweni ndi mnansi wathu wina anali atatha nthawi yaitali osapatsana moni chifukwa cha malire a dimba. Anawakhazika pansi, nkhani inakambidwa, anamwera chikho chimodzi. Kenako tinapita patsinde pa mtengo waukulu pamene panali kachisi. Akuluakulu anagwada, tonse tikuomba m'manja mwapansipansi, ufa ukuthiridwa pang'onopang'ono, mayina a amene anatsogola akutchulidwa mmodzimmodzi kuti akatipepesere kwa Mwini zonse. Tinkamva kuti kumunsi kwa Shire, ku Khulubvi, anthu ankatumiza nsalu yakuda ku kachisi wa Mbona. Lamulungu lotsatira ambiri mwa anthu omwewo anali m'tchalitchi kupempha mvula yomweyo. Mvula yoti n'kupulumutsa chimanga sinabwere. Koma mudzi unalowa m'njala uli woyanjana, anthu anagawana gaga, ndipo atsibweni atapita kukasuma, amene ankatipatsa ndiwo za m'dimba anali mnansi uja.

Sindikufuna kukometsera zakale. Panali ena amene anapita kukaombeza ula, ndipo ula ukafunsidwa kuti wamanga mvula ndani, kawirikawiri chala chinkagwera nkhalamba yopanda oiteteza. Mwavi unali utaletsedwa ndi lamulo la 1911, koma manong'onong'o lamulo siliwafikira. Ndinaona mayi wina wokalamba akusalidwa pachitsime chifukwa cha zimenezi, anzake akusuntha mitsuko yawo iye akafika, ndipo mpaka lero mtima umandiwawa ndikamukumbukira. Funso lakuti talakwa chiyani linkamanga mudzi pamene aliyense ankadzifunsa yekha. Likangosanduka lakuti walakwa ndani, munthu wosalakwa ankafera za eni.

Zaka zitapita ndinalowa seminale, poyamba ku Nankhunda ku Zomba, kenako ku Kachebere, m'boma limene nthawiyo linkatchedwa Fort Manning, lero Mchinji, kufupi ndi malire a Zambia. Kumeneko tinkaphunzira filosofi, zambiri m'Chilatini, pamodzi ndi anzathu ochokera kutsidya kwa malire. Tsiku lina Bambo wotiphunzitsa, wa chipani cha White Fathers, anatifunsa ngati tambala ndiye amabweretsa m'bandakucha. Tinaseka. Iwo osaseka, anati: ndiye mundiuze kusiyana kwa chinthu cholozera chinzake ndi chinthu chochititsa chinzake, chifukwa anthu anzeru akhala akusokoneza ziwirizi kuyambira kalekale, ndipo pamene amazisokoneza kwambiri ndi pa nyenyezi.

Anatiuza za Plotinus, wanzeru wobadwira ku Egypt amene ankaphunzitsa ku Rome m'zaka za m'ma 200. Iyeyu analemba nkhani yathunthu pofunsa ngati nyenyezi zimachititsa zimene zimatigwera. Yankho lake linali lakuti chilengedwe chonse ndi chamoyo chimodzi chimene ziwalo zake zimamvana, choncho wodziwa kuwerenga atha kuona pa chiwalo china zimene zikuchitika pa chinzake. Nyenyezi zili ngati zilembo, koma mzimu wa munthu si kapolo wa zilembozo. Ine pa benchi paja ndinkamva mawu a agogo akuti Nsangwe sizisunga madzi, ndipo ndinazindikira kuti zimene tinkakamba pabwalo kwathu zinali filosofi ndithu, yongosowa woilemba.

Amene anandigwira mtima kwambiri anali Augustine woyera, mwana wa mu Africa muno, wobadwira ku Thagaste mu 354, m'dziko limene lero ndi Algeria. Ali mnyamata ankakonda kufunsira kwa owerenga nyenyezi, ndipo sanabise zimenezi m'buku lake la Confessions. Dokotala wina wokalamba, Vindicianus, anamuchenjeza kuti akutaya nthawi, kuti zolosera zoterezi zikalondola zimangolondola mwamwayi, koma mnyamatayo sanamve. Chinamutembenuza ndi nkhani ya mnzake Firminus. Bambo ake a Firminus ankakonda za nyenyezi kotero kuti ankalemba ngakhale nthawi imene ziweto za pakhomo zaswa. Mkazi wawo ali ndi pakati, kapolo wamkazi wa bwenzi lawo analinso woyembekezera, ndipo amuna awiriwa anapangana kuti ana akangobadwa atumizirane amithenga. Amithengawo anakumana pakatikati penipeni pa njira: ana anabadwa nthawi imodzi, pansi pa nyenyezi zimodzimodzi. Firminus anakula m'chuma ndi ulemu, mnzakeyo anakhalabe kapolo. Augustine anawonjezapo za mapasa, Esau ndi Yakobo, amene anabadwa wina atagwira chidendene cha mnzake, moyo wawo n'kudzasiyana kutalitali.

Okhulupirira nyenyezi anali nalo yankho. Mroma wina, Nigidius, akuti anazungulitsa mwamphamvu gudumu la woumba mbiya, n'kulikhudza ndi inki kawiri mofulumira ngati pamalo amodzi. Gudumu litaima, madontho aja anapezeka atatalikirana. Thambo nalo limathamanga chomwecho, iye anatero, choncho kamphindi kosiyanitsa mapasa n'kokwanira kusiyanitsa moyo wawo. Augustine, m'buku la City of God, anamukola ndi msampha wake womwe: ngati kamphindi kakang'ono chotere kangasinthe zonse, ndani angalosere kanthu, poti palibe mzamba amene angakayeze? Ine ndinaganiza za mapasa a m'mudzi mwathu, oyamwa mayi mmodzi, wina wofatsa amene anakalambira pa ntchito yoluka malichero, wina wosakhazikika amene anathera ku migodi ya ku Joni.

Thomas Aquinas, amene mabuku ake ndiwo anali mzati wa maphunziro athu, anaigawa nkhaniyi pawiri. Anavomera kuti zakumwamba zimakhudza matupi ndi nyengo, ndipo munthu salakwa kuyang'ana nyenyezi kuti adziwe za mvula ndi chilala. Koma chifuniro cha munthu, chija chosankha chabwino kapena choipa, nyenyezi sizichilamulira. Apa tinakangana mpaka belu linalira. Mnzanga wina wa ku Fort Jameson, lero Chipata, anafunsa kuti: chabwino, nyenyezi zichoke, nanga Mulungu amene akudziwa kale za mawa langa, sindiye kuti zanga zinalembedwa kale? Bambo anatitengera kwa Boethius, amene analemba za funso lomweli ali m'ndende kudikira kuphedwa cha mu 524. Kuona munthu akuyenda si kumuyendetsa, ndipo Mulungu saona mawa mmene ife timaonera zakutsogolo. Kwa Iye zonse zili pamaso nthawi imodzi. Yankho limeneli silinatseke pakamwa aliyense, mnzanga uja anatuluka akupukusa mutu. Ine linandikwanira kuti ndigone tulo, ndipo landikwanira mpaka lero.

Kumeneko ndi kumenenso ndinamva kuti Puikani ndi Chekechani ndi nyenyezi imodzi, ndiponso kuti si nyenyezi kwenikweni koma dziko lozungulira dzuwa ngati lathuli, limene azungu amati Venus. Limakhala miyezi ingapo likuoneka madzulo, n'kusowa, n'kudzaonekera m'mawa, ndipo ulendo wonsewo umatenga masiku pafupifupi 584. Anthu a ku Babylon anazidziwa zimenezi zaka zoposa 3,000 zapitazo. Nthanda yathu ija ndi yomweyonso. Pa tchuthi ndinapita nazo kwa agogo, amene nthawiyo maso anali atayamba kuchita khungu. Anakhala chete, kenako anafunsa ngati alipo anawaonapo akazi awiriwo usiku umodzi. Ndinati Puikani akamawala madzulo, m'mawa mwake Chekechani saoneka. “Ndiye n'zoona,” anatero. “Ndi mkazi mmodzi. Nanga inu amuna anga simunaonepo munthu yemweyo lero wopatsa, mawa woumira? Manja ndi omwewo, amasankha ndi mwini wake akamaomola nsima.” Sanataye nthano yawo, ndipo sanakane zimene ndinabwera nazo. Pa nkhani ya ufulu wa munthu sindinamvepo mawu oposa amenewo, ngakhale ku Kachebere.

Unsembe sunali njira yanga. Ndinatuluka mwamtendere n'kukhala mphunzitsi. Mu 1965 ndinkaphunzitsa pa sukulu ina yakumudzi m'boma la Dedza pamene kunaoneka nyenyezi yamchira. Anaitulukira ndi anthu awiri a ku Japan, Ikeya ndi Seki, mu Seputembala, ndipo pofika kumapeto kwa Okutobala mchira wake unkaoneka kum'mawa m'bandakucha, wautali moti munthu unkachita kugwira pakamwa. Dziko linali lisanakhazikike. Tinali titangolandira ufulu mu 1964, nduna zina zinali zitasemphana ndi Kamuzu n'kuthawa, ndipo mu Febuluwale chaka cha nyenyezicho anthu a Chipembere, mmodzi wa ndunazo, anali ataukira ku Fort Johnston. Anthu ankanong'ona kuti nyenyeziyo yadza ndi magazi. Pa 11 Novembala Ian Smith analengeza kuti Rhodesia yadzipatula ku ulamuliro wa Britain, ndipo amene anali ndi abale ku Salisbury ndi ku Bulawayo anati: mwaona? Ena anakumbutsa za Angoni a Zwangendaba, amene mbiri imati tsiku limene ankawoloka Zambezi mu Novembala 1835 dzuwa linada masana.

Makolo anabwera kudzandifunsa, poti ndinali aphunzitsi. Ndinawauza zimene ndinkadziwa, kuti ndi chimulu cha madzi oundana ndi fumbi chimene chikuzungulira dzuwa, kuti akuchiona ndi a ku Japan, ku Australia ndi ku America komwe, ndipo dziko lililonse lili ndi tsoka lake loti lingachikolowekepo. Smith akanachita zake ngakhale kumwamba kukanakhala kopanda kanthu. Za kadamsana wa Angoni ndinati ubwino wake ndi wakuti akatswiri atha kuwerengera m'mbuyo n'kupeza tsiku lake, choncho thambo latisungira deti la mbiri yathu imene sinalembedwe. Koma mkulu wina wa mpingo ananena mawu amene ndinawasunga: “Aphunzitsi, zimenezo tamva. Komabe chinthu chotere chikaoneka, munthu sungagone ngati sunachione.” Anayamba kudzuka m'bandakucha kukapemphera m'katchalitchi kathu kaudzu, ena n'kumawatsata, inenso ndinkapita nawo. Sitinkapempha kuti nyenyezi ichoke. Tinkapempherera dziko, amene anathawa ndi amene anatsala, ndi ana athu a ku Rhodesia.

Nyenyezi za mtundu winawu, zouza munthu payekha za mwayi wake, zinatipeza kudzera m'mapepala. Matchona ndi anyamata a Wenela ankabwera ndi magazini a ku Joni ndi ku Salisbury, ndipo chakumapeto kwake kunkakhala tsamba la nyenyezi: Aries, Taurus, Gemini mpaka kukwana 12, iliyonse ndi timawu take. M'chipinda cha aphunzitsi tsamba limeneli ndi limene linkayamba kuda ndi zala. Mizu yake ndi yakale ndithu, ku Babylon kumene anagawa njira ya dzuwa m'zigawo 12 zaka mazana angapo Yesu asanabadwe, ndi ku Alexandria kumene Ptolemy analemba buku lake la Tetrabiblos m'zaka za m'ma 100. Koma za m'nyuzipepalazi n'zadzulodzulo. Zinatchuka ku London mu 1930, pamene nyuzipepala ya Sunday Express inapempha R. H. Naylor kuti alosere za mwana wachifumu wongobadwa kumene, Margaret. Owerenga anazikonda, ndipo patapita zaka zochepa anthu onse a padziko anali atagawidwa m'magulu 12 potengera masiku obadwa.

Chimene masamba amenewa sanena n'chakuti zigawo zija anazipima zaka zoposa 2,000 zapitazo, ndipo dziko lathuli limadendekera pang'onopang'ono pozungulira, ulendo umene umatenga zaka pafupifupi 26,000. Katswiri wina wa zakumwamba, Hipparchus, anazindikira zimenezi Yesu asanabadwe. Lero munthu wobadwa kumayambiriro kwa Epulo amauzidwa kuti ndi Aries, pamene dzuwa tsiku limenelo limakhala pakati pa nyenyezi za Pisces. Olemba masamba amenewa amayankha kuti iwo satsata nyenyezi zenizenizo koma nyengo za chaka. Kwa ife yankho limeneli likuipitsa nkhani, pakuti nyengo zake n'za kumpoto kwa dziko lapansi, kumene Aries amayamba chisanu chikutha, zomera zikuphuka, n'chifukwa chake amati ndi nyenyezi yoyamba zinthu mwamphamvu. Kuno nthawi imeneyo mvula ikutsazika, tikudya mondokwa ndi maungu, chaka chaulimi chikupita kumapeto.

Komabe sindinyoza amene ankawerenga tsambalo. Mphunzitsi mnzanga wina, wochokera kutali, wopanda mbale pafupi, ankaliwerenga mosaphonya. Nditamufunsa anati ndi pokhapo pamene wina amamulankhula iye mwini za mawa lake. Ndinamumvetsa. Kumudzi munthu sunkasowa wokuuza kuti ndiwe yani: unali mwana wa uje, mdzukulu wa uje, wa mfunda wakuti. M'tauni ndi kumalo a ntchito zonsezo zimatsala m'mbuyo, ndiye pepala likati ndiwe Leo, wolimba mtima, sabata ino uyembekeze kalata, mtima umatsamirapo. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti tsambalo silikutuma kanthu. Nsangwe zinkakutuma kumunda, chilala chinkakutuma kwa mnansi amene unayambana naye, pepala limangoti dikira, zako zikubwera. Akuluakulu ankati chakudza sichiimba ng'oma, ndipo ponena zimenezo sankatituma kukafuna munthu wa makutu oimva ng'omayo. Ankatiuza kuti nkhokwe isakhale yopanda kanthu.

Zipembedzo zimene tili nazo sizinalitaye thambo. Anansi athu Achisilamu sayamba kusala kwa Ramadan kapena kumasula mpaka mwezi utaoneka, ndipo ndimakumbukira amuna atasonkhana kunja kwa mzikiti, maso ali kumene dzuwa lalowera, wina akulozera mnzake. Ife Akhristu Pasaka wathu amasuntha chaka ndi chaka chifukwa amatsata mwezi: ndi Lamulungu loyamba pambuyo pa mwezi wathunthu umene wagwa pa 21 Malichi kapena kutsogolo kwake. Ku seminale mapemphero ankayenda ndi dzuwa, a m'mawa, a masana, a madzulo, a pogona. Onsewa akuyang'ana kumwamba kuti adziwe nthawi yogwada, osati kuti adziwe zimene adzalandire. Ine chizolowezi chodzuka ndi Nthanda, chimene ndinachiyamba chaka cha nyenyezi yamchira, sindinachisiye. Pa ola limenelo munthu umakhala usanayambe kukangana ndi aliyense, ndipo ukayang'ana kukula kwa zimene zili pamwamba pako, milandu imene unagona nayo imachepa, kupepesa kumaphweka.

Chaka chatha mdzukulu wanga wina amene amagwira ntchito ku Lilongwe anabwera ndi nkhani ya mnyamata amene akufuna kumukwatira. Anandionetsa pa foni kuti nyenyezi zawo sizigwirizana, ya wina ndi ya moto, ya wina ndi ya madzi. Mneneri wina wa pa Facebook anali atamuuzanso kuti atumize ndalama kuti amuonere zam'tsogolo. Mwanayu ndi wophunzira, ndipo sankachita nthabwala. Anali ndi mantha enieni, ndipo mantha a munthu amene akulowa m'banja ndi ofunika kuwalemekeza. Ndinamufunsa kuti: akazi anga, munamuonapo mnyamatayo atakwiya? Amalankhula bwanji ndi mayi ake? Akabwereka amabweza? Munakayezetsa magazi limodzi? Zina anayankha msangamsanga, zina anaweramitsa mutu n'kunena kuti sanafunsepo. Ndinamufotokozera za Firminus ndi mwana wa kapolo uja, ndipo anaseka koyamba tsiku limenelo pamene ndinafika pa amithenga okumana panjira. Ndalama ya mneneri ija tinagwirizana kuti ikhale ya basi ya amalume ake, apite kwawo kwa mnyamatayo akaone anthu ake ndi kucheza ndi ankhoswe a kumeneko. Anapita, anagonako, ndipo anabwera ndi nkhani ziwiri zofunika kuzikonza, ya kumene banjalo lidzakhale ndi ya mpingo umene ana adzakuliremo. Mabanja awiriwa akuzikambirana tsopano, chinkhoswe chisanachitike.